Chithunzi cha Thambo Lopanda Kanthu

Zeka, chithunzicho usachichotse m'felemumo. Ndakuona. Ukufuna kuikamo anyamata ako a mpira, eti? Amayi ako akabwerako kumsika n'kupeza khoma lasintha usadzathawire kwa ine, chifukwa woyamba kukupereka ndidzakhala ine ndemwe. Bwera nacho kuno ndichipukute. Amina, iwenso siya foniyo ukhale apa. Chiyambire kudziwa kulankhula mwakhala mukuchiseka chithunzi chimenechi, mumati agogo anajambula mphepo. Lero ndikuuzani chifukwa chake chinapachikidwa pakati pa zithunzi za anthu, ngakhale nkhani yake imandichititsa manyazi mpaka pano.

Chiyang'aneni bwino. Mulibe mtengo, mulibe mbalame, mulibe ngakhale mtambo. Ndi thambo la chilimwe basi, lotuwirako chifukwa cha utsi wa tchire. Ndinachijambula ndine, ndipo pa zithunzi zonse zimene ndinajambula pamoyo wanga, ichi ndi chimene ndinachiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

Inu mumandidziwa ngati nkhalamba yogona masana, yosowetsa magalasi ali pamphuno. Koma inalipo nthawi imene munthu wa kuno ku Entre Lagos, wa ku Chiuta, ngakhale wa kugombe la Amaramba, akafuna nkhope yake papepala ankadikira a Fabiyano ndi njinga yawo. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Malawi, nthawi imene tinathawa nkhondo. Pafupi ndi msasa wathu panali bambo wina wojambula, ine ndinkamugwirira nsalu yakumbuyo kuti isauluke ndi mphepo. Mtendere utabwera anandipatsa kamera yake yakale, ine n'kumusiyira wailesi yanga. N'chifukwa chake ndimati kamera pamene inu mumati makina, ndipo mumanditcha Mmalawi. Nditcheni, lilime lokalamba silitembenuka.

Masiku amenewo chithunzi sichinali chamasewera ngati lero, pamene Amina amadzijambula akutafuna, akuyasamula, n'kufufuta. Filimu ikadzaza ndinkaipatsira munthu wa pasitima kuti akaitsukitse ku Cuamba, ndipo mwini nkhope ankadikira mwezi wathunthu. Ena ankabwereka wotchi yakufa, ena wailesi yopanda mabatire kuti ainyamule paphewa. Asodzi ankandilipira matemba ndi milamba yowamba, moti chikwama cha kamera chinkanunkha nsomba chaka chonse. Malemu agogo anu aakazi ankati anakwatiwa ndi wojambula koma amagona ndi msodzi.

Mdani wa wojambula kuno ndi fumbi. Ukapalasa njinga chilimwe kupita ku Chiuta umakafika uli wofiira mpaka nsidze, ndiye kamera ingapulumuke bwanji? Mvula ikabwera mdani amasintha, chinyezi chimameretsa chuku m'galasi. Kamerayo ndinkaisunga m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi mpunga wokazinga womanga pakansanza, ndipo mpungawo amayi anu ali aang'ono ankauba n'kumatafuna kuseri kwa nkhokwe.

Tsono ndisanajambule munthu aliyense ndinali ndi kachitidwe kanga. Ndinkabweretsa diso la kamera pakamwa, n'kupumirapo, haa, galasi n'kuchita nthunzi, kenako n'kupukuta ndi kansalu kofewa. Kansaluko kanali thewera lakale la amayi anu, lochapidwa mpaka kufewa ngati thonje. Musaseke, palibe nsalu yabwino pagalasi kuposa imeneyo. Anthu anazolowera. Ndikaiwala ankandikumbutsa okha, ndipo mayi wina wa ku Chiuta anakana chithunzi chake, ati sichinatuluke bwino chifukwa sindinapumirepo. Akwati ankati mpweya wa a Fabiyano umawalitsa nkhope. Ine ndinkadziwa kuti n'zochotsera fumbi chabe, koma zinkandikomera, ndipo pang'ono ndi pang'ono nanenso ndinayamba kukhulupirira kuti m'chithunzi chilichonse mumalowa kanthu kanga.

Amayi anu, Luiza, anali mwana wathu womaliza, ndipo ndi yekhayo amene ankakonda ntchito yanga. Ankatenga tambula, n'kupumira pansi pake, haa, n'kupukuta ndi diresi, n'kujambula nkhuku. Tsiku lina, mano akutsogolo atagweruka, anandifunsa kuti, “Ababa, tsiku la ukwati wanga mudzandijambula zingati?” Ndinamuyankha kuti ndidzamujambula mpaka chala changa chitupe. Mwana saiwala lonjezo lotere.

Zaka zinapita, filimu inayamba kusowa, otsuka anatseka. Ndinagulitsa mbuzi n'kugula kamera ya kadi, yosafuna filimu, kwa wamalonda wina wochokera ku Nampula, yakale koma yamphamvu, yochotseka diso. Inalibe buku, ndipo mawu a pagalasi lakumbuyo anali Chingerezi chimene ine ndinachisiya kumsasa. Ndinaphunzira mabatani awiri atatu, ena onse ndinkawaopa. Ndikachotsa diso ndinkaona kakalilole m'kati, ndiye ndinkauziramo ndi pakamwa ngati mmene ndinkachitira ndi yakale ija. Ndinkaganiza kuti kamera imathera pakalilolepo.

Kenako ndinadwala chifuwa chachikulu. Inu simukudziwa mmene anthu ankamuonera munthu wotsokomola n'kumaonda. Sankanena pamaso, koma ukafika pamaliro anthu ankasuntha pamphasa ngati akukupatsa ulemu. Kunyumba ndinali ndi kapu yanga ndi mbale yanga, zosungidwa pazokha pamwamba pa thandala. Agogo anu ankazitsuka pomalizira, atatembenuka kuti ndisaone, koma ndinkaona. Ine amene anthu ankapempha mpweya wanga, tsopano ndinkatsokomolera m'chipewa.

Anandituma kuchipatala ku Cuamba kuti akandijambule m'chifuwa. Kumeneko ndinaphunzira mmene zimamvekera kuima patsogolo pa makina a munthu wina n'kuuzidwa kuti usapume. Namwino anakweza chithunzicho pawindo n'kundilozera ndi cholembera. Pamwamba, chakumanzere, panali kamtambo koyera, kozungulira, kosaoneka malire. Anati matenda ali pamenepo. Chithunzicho anandipatsa, ndinabwera nacho kunyumba n'kuchibisa pansi pa matiresi.

Mankhwala ndinamwa onse, miyezi yambiri, osadumphitsa. Thupi linabwerera, chifuwa chinaleka, namwino wa kwathu anayeza makhololo n'kunena kuti ndachira. Kapu yanga inatsika pathandala n'kusakanikirana ndi zinzake. Ndinatulutsa kamera m'chitini, ndinaipumira, ndinaipukuta, n'kuyambanso ntchito. Oyamba kubwera anali ofuna zithunzi za bilyeti, zija za chiphaso, zojambulira pansalu yoyera padzuwa.

Zithunzi zitasindikizidwa ndinaona kanthu. Pamwamba, chakumanzere, pamwamba pa phewa la munthu, panali kadontho kotuwa, kozungulira, kosaoneka malire. Chachiwiri, pomwepo. Chachitatu, pomwepo. Ndinapukuta galasi kutsogolo, ndinapukuta kumbuyo, ndinachotsa diso n'kuuzira kakalilole kaja mpaka chizungulire. Ndikajambulanso, kadontho kali pomwepo, ngati munthu wokhala pamalo ake m'tchalitchi.

Apa ndiye pamene kudziwa kwanga kunandipusitsa. Ndinatulutsa chithunzi cha chifuwa chija n'kuchiika pafupi ndi zinazo. Cha chifuwacho ndi negativo, ngati filimu, ndipo wojambula aliyense wa nthawi yanga amadziwa kuti choyera panegativo chimatuluka chakuda papepala. Kamtambo koyera pamwamba chakumanzere, kadontho kakuda pamwamba chakumanzere. Ndinati basi, matenda sanathe, namwino wangondisangalatsa. Zaka zonsezi ndakhala ndikupumira m'kamera, tsopano chifuwa changa chalowamo, ndipo ndikuchidinda pa munthu aliyense woima patsogolo panga.

Zeka, ndikuona milomo yako ikunjenjemera. Seka, palibe vuto. Lero nanenso ndimatha kuseka pang'ono. Koma sabata imeneyo mwana wina amene ndinamujambula ndi amake anayamba kutsokomola, chimfine wamba cha fumbi, ndipo ine sindinadye masiku awiri. Kamera ndinaibwezera m'chitini. Obwera kudzajambulitsa ndinkawauza kuti maso akundivuta.

Nyengo yomweyo ndi imene bambo anu, a Saidi, anatumiza ankhoswe kudzafunsira Luiza. Mukudziwa kuti kwawo ndi ku Amaramba, ana a msodzi Che Amadu, anthu a kumzikiti, pamene ife ndife a kutchalitchi. Anzanga ena ankang'ung'udza, ankati mwana wa a Fabiyano akupita kukavala mpango. Ine ndinalibe nazo vuto. Mnyamatayo ndinkamuona pasiteshoni pano akukonza mafoni ndi mawailesi pakabenchi kake, wofatsa, wosamwa, wolonjera akulu ataimirira. Ndinavomera ndi mtima wonse.

Kutatsala masiku ochepa, Luiza anabwera ndi batire ya kamera m'manja. Anali ataiba m'chitini n'kukaitchajitsa kubaraka, kasitolo kotchajitsirako mafoni.

“Ababa, ndakutchajirani. Yadzaza.”

“Kamera ija inafa, mwana wanga.”

“Inafa liti? Ndaiyatsa ndekha m'mawa uno, ikuyaka bwinobwino.”

Ndinayang'ana kumbali. M'maso mwanga ndinkaona diresi loyera, ndi kadontho kaja katakhala pamwamba pa phewa lake, pafupi ndi chifuwa.

“Ndati sindijambula. Pezani wina.”

Batire ija anaiika pansi pafupi ndi phazi langa n'kulowa m'nyumba. Agogo anu ananditsatira kumunda. “Bambo a Luiza, mwanayu wakulakwirani chiyani? Ngati simukumufuna mnyamatayu bwanji simunanene ankhoswe atabwera?” Ine ndinangopitiriza kulima ngati sindikumva.

Mudzifunsa kuti bwanji sindinangonena. Ndikananena kuti chiyani? Kuti ndikudwalabe? Kapu yanga ikanabwereranso pathandala, ndipo zimenezo ndinkaziopa kuposa imfa. Ndinkaopanso kuti a ku Amaramba akamva kuti m'nyumba muno chifuwa sichinathe, abweza mwana wawo. Ndinkaganiza kuti ndikakhala chete ndiye kuti ndikuteteza ukwatiwo. Koma kunena zoona, chachikulu chinali manyazi. Sindinkafuna kuti anthu adziwe kuti mpweya wa a Fabiyano, uja wowalitsa akwati, wasanduka chinthu chodetsa.

Tsiku la ukwati anthu anadzaza pabwalo. Mbuzi anazinga ndi munthu wa kwa Che Amadu kuti onse adye momasuka, amayi a kugombe anabwera ndi zitenje za kapulana zofanana, ng'oma zathu ndi nyimbo zawo zinkalandizana. Ine ndinakhala pansi pa mtengo wa mango nditavala jekete, manja ali pamaondo. Moyo wanga wonse paukwati manja anga ankakhala ndi chogwira, tsiku limenelo sindinkadziwa kowaika. Anyamata ankajambula ndi timafoni ta nthawi imeneyo, tija totulutsa nkhope ngati phala. Luiza atatuluka m'nyumba ndi diresi lake anayang'ana kumtengo kuja kamodzi kokha, ndipo sanayang'anekonso.

Chakumasana Che Amadu anabwera n'kukhala pambali panga. Anali munthu wolankhula motsitsa, Chichewa chake chokoka Chiyao.

“A Fabiyano, chaka chija munabwera kugombe munajambula bwato langa. Chithunzicho ndikadali nacho.”

“Ndikukumbuka, Che Amadu.”

“Bwato munalijambula. Mwana wanga yekha ndiye mwamuona wosayenera.”

Sanadikire yankho. Anthu ake ananyamuka dzuwa likadali pamwamba, ati njira ndi yaitali. Zithunzi za m'mafoni zija sizinakhalitse, foni ina inagwera m'nyanja, ina inabedwa pasitima. N'chifukwa chake pakhoma ili mulibe chithunzi cha ukwati wa makolo anu, inu ana a mwana wa wojambula.

Mwa mwambo wathu a Saidi anayenera kumanga nyumba pamalo a agogo anu aakazi, ndipo malo tinali titawalozera kale, kuseri kwa nthochi. Luiza anakana. Anati akakhala ku Entre Lagos, pafupi ndi ntchito ya mwamuna wake. Sikutali, panjinga umafika thukuta lisanaume, koma chaka chinatha osaponda pakhomo pathu. Moni ankapatsira anthu, ndipo moniyo ankakhala wa amake okha. Iwe Amina utabadwa, uthenga unabwera kwa agogo ako aakazi. Anapita okha, anakhalako sabata, ndipo atabwera ndinawafunsa kuti mwana ali bwanji. Anati, “Ali bwino. Chipumi ndi chanu.” Anangonena zomwezo n'kupita kukatunga madzi.

Ndinali nditataya mwana wanga ali moyo, ndipo mdzukulu wanga ankakula osandidziwa. Ndinkadziwa kuti mawu ochepa akhoza kukonza zonse, koma tsiku lililonse lodutsa linkawalemeretsa mawuwo.

Amene anabwera ndi bambo anu. Linali tsiku lotentha la chilimwe, ine ndikusoka thumba pakhonde. Anatsamiritsa njinga pamtengo, anavula kapu yawo ya kumutu, n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa mphasa, monga mkamwini amachitira. Titalonjerana anati, “Baba, ndabwera ndekha, Luiza sakudziwa. Mwana akukula, ndipo amake amalira akamamusambitsa. Ndiuzeni ine. Ngati ndi mzikiti, nenani kuti ndi mzikiti, ndidziwe chimene ndanyamula.”

Munthu akakufunsa molunjika chotero, pothawira pamasowa. Ndinalowa m'nyumba, ndinatukula matiresi, n'kutuluka ndi chithunzi cha chifuwa pamodzi ndi mulu wa zithunzi zija. Ndinakweza cha chifuwa kudzuwa monga anachitira namwino, ndinalozera kamtambo, ndinalozera kadontho, ndinafotokoza za negativo.

Chimene ndimawalemekezera bambo anu mpaka lero n'chakuti sanaseke. Anayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi, mpaka anafika pa china chimene ndinajambula nyumba ya siteshoni poyesa kamera. Kadontho kanali pomwepo, m'mwamba pamwamba pa denga.

“Baba, apa palibe munthu.”

“Palibe.”

“Ndiye kamene kali apaka sikakusankha chifuwa cha munthu. Kali m'makinamo, kakungokhala pamalo amodzi. Ndikuganiza kuti ndi fumbi pasensori.”

Ndinawauza kuti ndapukuta paliponse. Anandifunsa ngati ndinafika kuseri kwa kalilole. Ndinati kuseri kwa kalilole kulibe kanthu. Anangogwedeza mutu mwaulemu n'kunena kuti abwera mawa m'mamawa, mphepo isanadzutse fumbi.

Anabweradi, ndi kachikwama kawo ka zida. Anapempha agogo anu kuti awaze madzi pansi m'nyumba, anatseka chitseko, anayala nsalu yoyera patebulo pafupi ndi windo. Kenako anatulutsa chitini chachitali chokhala ndi kapaipi kofiira pakamwa. Ndinafunsa kuti ndi mankhwala a udzudzu kapena chiyani. Anati ndi mpweya, amaitanitsa ku Nampula, amachotsera fumbi m'mafoni ndi m'mawailesi. Ndinaseka koyamba m'miyezi yambiri, kuseka kowawa. Ndinati dziko lafika poti mpweya ukugulitsidwa m'lata, ndipo wanga waulerewu ndi umene wandipha.

Mvetserani apa, chifukwa kamera imeneyi idzatsala ndi mmodzi wa inu. Chitinicho sanachigwedeze. Anachigwira chilili, n'kuyamba apopera kumbali kamodzi. Kuti ndimvetse chifukwa chake, anachipendeketsa dala n'kupopera pang'ono pathabwa la tebulo, ndipo panatuluka timadzi tozizira tochita kuyera ngati chisanu. Anati timeneti tikagwera pagalasi timasiya banga, tikagwera m'kati ndiye mwaononga. Atatero anachiimikanso, n'kumapopera pang'onopang'ono, fu, fu, chapatali, m'mbali mwa mabatani, m'mizere ya diso, kuzungulira pakamwa pa kamera diso likadali pomwepo. Fumbi la ku Chiuta la zaka zambiri linatuluka n'kudetsa nsalu ija. Galasi la kutsogolo analiuziranso chapatali asanalipukute, ati ukayamba ndi nsalu mchenga umakanda.

Ndinaganiza kuti tsopano alowetsa kapaipi kofiirako m'kati. Anachiika pambali chitinicho. Anati m'kati mpweya wa m'lata ndi waukali kwambiri, ukhoza kupinda kansalu kotsekera kuwala kapena kukankhira fumbi mozama. Anatulutsa kampira kofinya, kokhala ngati kaja amatsukira makutu kuchipatala. Anachotsa diso, anadinadina mabatani aja ndinkawaopa, ndipo ndinamva khwa. Kakalilole kananyamuka, kansalu kotsekera kuwala kaja kanatseguka, ndipo kuseri kwake kunali kambale kakang'ono konyezimira mobiriwira, kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Anati imeneyo ndiye sensori, imene imagwira chithunzi m'malo mwa filimu. Zaka zonsezo ndinkayenda ndi kamera pachifuwa osadziwa kuti ili ndi chipinda china.

Anaizondotsa kamera kuti pakamwa payang'ane pansi, analowetsa nsonga ya kampira pang'ono osakhudza kanthu, n'kufinya kangapo. Basi. Ndinayang'anitsitsa pansalu kuti ndione chimene chagwa. Sindinaone kanthu.

“Mwatha?”

“Ndatha, baba. Tiyeni panja.”

Anabwezera diso, anachepetsa kabowo kolowera kuwala, n'kundipatsa kamera. Anati ndijambule kumwamba, poti palibe kanthu, chifukwa fumbi likakhalapo limaonekera bwino pamenepo. Manja anga anali asanaigwire chaka ndi miyezi. Ndinaloza kumwamba n'kudina. Tinayang'ana pagalasi lakumbuyo, tinakulitsa pamwamba chakumanzere, tinayendayenda ngodya zonse. Thambo lokhalokha.

Mukuganiza kuti ndinavina? Ndinakhala pansi, padothi, kamera ili pamiyendo. Mpumulo unalipo, koma manyazi anauposa kutali. Ndikanakonda m'kameramo mukanagwa chinthu chachikulu, mwala kapena chiwala chakufa, choti ndinyamule m'manja n'kukaonetsa Che Amadu kuti onani chimene chinandilepheretsa. Koma chimene chinandilanda ukwati wa mwana wanga chinali kanthu koti ngakhale maso sangakaone, ndipo kanachoka ndi kufinya kampira. Agogo anu anaima pakhomo, manja m'chiuno, atamva zonse. Anati, “Chaka chonse ndagona ndi munthu wopusa osadziwa.” Akunena choncho misozi ikutsika.

Bambo anu anawonjezera chinthu chimodzi, motsitsa. Anati kuuzira m'kati ndi pakamwa ndisiye, chifukwa mpweya wa munthu uli ndi chinyezi ndi malovu, ndipo ndi zimene zimamatiza fumbi. Ndiye kuti mpweya wanga unali ndi mlandu pang'ono ndithu, koma osati mlandu umene ndinauweruza.

Tsiku lotsatira ndinapita kukasindikiza thambo lija. Mnyamata wa pamakina anandifunsa kawiri ngati ndikufunadi pepala lopanda kanthu. Ndinalitenga, pamodzi ndi cha siteshoni chija ndi cha chifuwa, n'kubwera panyumba ino. Nthawi imeneyo inali ya chipinda chimodzi, pamene pali khitchinipa. Ndinapeza Luiza atakhala pakhonde akuyamwitsa iwe Amina. Sanaimirire. Anati, “Mwaswera bwanji,” ngati akulonjera wogulitsa makala.

Ndinakhala pansi, osati pampando umene a Saidi anatulutsa, ndipo ndinayala zithunzi zitatuzo patsogolo pake. Ndinafotokoza zonse, kuyambira kapu ya pathandala. Anamvetsera osandiyang'ana. Nditamaliza anasisita mutu wako.

“Ndiye munkaopa kuti mundidetsa diresi.”

“Ndinkaopa kuti ndikupatsa matenda, mwana wanga.”

“Ababa, nthawi imene munkatsokomola magazi, ankachapa mipango yanu ndani?”

Ndinali ndisanaganizepo. Ndinkayesa kuti ndi amake.

“Ndinkachapa ndine. Amayi ankadwala msana. Ndinagwira magazi anu ndi manja awa, ndiye ndikanaopa kadontho papepala? Mukanandijambula nako. Ndikanachipachika ndi kadontho komweko.”

Pa mawu onse amene anthu anandiuzapo pamoyo wanga, amenewa ndi amene amandidzutsabe. Ndinangoti ndinachita manyazi, ndipo iye anati akudziwa, chifukwa manyaziwo anatengera kwa ine, n'chifukwa chake nayenso chaka chonse sanabwere kudzafunsa.

Anatola chithunzi cha thambocho n'kuchiyang'ana. Anati chimenechi sindibwerera nacho. Pakhoma anali atasiya msomali umodzi wopanda kanthu chilowere m'nyumbamo, malo a chithunzi cha ukwati, ndipo anachipachika pamenepo. Nyumba itakula anasamuka nacho. Ndiye iwe Zeka ukafuna kuikamo anyamata a mpira, dziwa kuti ukuchotsa ukwati wa amayi ako.

Atatero anakupukuta pakamwa iwe Amina, anakukhazika pamiyendo, anakonza mpango wake, n'kunena kuti, “Tijambuleni.” Ndinatulutsa kamera, yoyera ngati yatsopano, ndinaikweza kumaso. Luiza anakweza dzanja.

“Simunapumire.”

Ndinayang'ana kwa a Saidi. Iwo anatsegula pakamwa kuti anene za chinyezi, koma ataona nkhope ya mkazi wawo anayamba kuyang'ana nkhuku. Ndinati galasi ndi loyera kale, silikufuna kanthu. Luiza anati sakunena za galasi.

Ndinabweretsa diso la kamera pakamwa. Koyamba mpweya unakana kutuluka. Kachiwiri unatuluka, haa, wautali kuposa masiku onse, galasi lonse n'kuchita mbuu. Ndinafufuza kansalu m'thumba, ndinapukuta mosaona bwino chifukwa maso anali atadzaza, ndipo iwe unayamba kulira, ndiye ndinadina msanga.

Ndi chija chili pambali pa thambocho, chimene umadandaula nacho kuti unatuluka ngati uli mu utsi. Bambo ako anandiuza tsiku lomwelo kuti tijambulenso china chooneka bwino, amayi ako anakana. Pita ukachiyang'ane pafupi, Amina. Chifunga chili m'mbalimo si fumbi, ndipo si kulephera kwa makina. Ndi mpweya wanga, sindinaupukute wonse.